"Wotsatira!": Kodi iterator n'chiyani, nanga n'chifukwa chiyani imasokoneza ophunzira kulemba mapulogalamu?

Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale, nthawi imene tiyi amaphukira moti othyola sapuma, mwana wa mchemwali wanga anatulukira kwathu ku Luchenza atabereka chikwama cha laputopu. Ngakhale moni sanaumalize bwino. Mnyamatayu akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo anali atadzipereka kuthandiza kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi imene mayi ake alimo. Mlembi wa kalabuyo amalemba makilo a mlimi aliyense m'fayilo, mzere umodzi nambala imodzi. Zimene ankafuna zinali ziwiri basi: makilo onse pamodzi, ndi makilo amene angagwere mlimi mmodzi atawagawa mofanana.

Anali atalemba mizere inayi m'chilankhulo cha Python:

```
makilo = map(float, open("masamba.txt"))
onse = sum(makilo)
angati = len(list(makilo))
print(onse / angati)
```

"Malume, taonani izi," anatero. "Makilo onse ikuphatikiza bwinobwino, ndayesa ndi kakyuleta. Koma ndikaifunsa kuti alimiwo ndi angati, ikuti palibe, kenako n'kumadandaula kuti singagawe ndi ziro. Nanga makilowo yawatenga kwa ndani?"

Kompyuta sinalakwitse, ndipo mnyamatayo sanalembe zopusa. Anangopunthwa pamwala umene pafupifupi aliyense wophunzira ntchitoyi amapunthwapo, kaya ali m'kalasi ku MUST ku Ndata, kaya akudziphunzitsa yekha pafoni ndi bandulo ya usiku. Mwalawo dzina lake ndi iterator. Mawuwa akumvekanso kwambiri masiku ano chifukwa chilankhulo cha Go chinalandira njira yake ya ma iterator mu Ogasiti 2024, nacho cha JavaScript chinawonjezera zida zatsopano za ma iterator mu 2025. Kuti funso la mnyamatayu liyankhike tiyenera kuyambira kumbuyo pang'ono.

## Kuitana anthu ndi manambala

Pulogalamu iliyonse yothandiza imasunga zinthu zambiri pamodzi: mayina a alimi, makilo a tsiku lililonse, mauthenga a pafoni. Akatswiri amati collection, ine ndizingoti mulu wa zinthu. Mulu wodziwika kwambiri ndi mndandanda, umene mu Python amati list pomwe mu JavaScript amati array. Mumndandanda chinthu chilichonse chimakhala ndi malo ake ndi nambala yake.

Loop ndi lamulo louza kompyuta kuti ibwereze ntchito imodzimodziyo kambirimbiri. Ndi lakale ndithu: chilankhulo cha FORTRAN, chimene kampani ya IBM inatulutsa mu 1957, chinali nalo kale m'dzina lakuti DO. Chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, chinafalitsa kalembedwe kamene ambiri amakadziwa mpaka lero:

```
for (i = 0; i < n; i++)
    onse = onse + makilo[i];
```

Tanthauzo lake n'lakuti yambira pa nambala 0, tenga makilo a pamalo amenewo, onjezera 1 pa nambalayo, pitiriza mpaka ufike pa n. Zili ngati mlembi wa pashedi amene wagawira alimi manambala m'mawa, ndiye akuitana kuti "nambala ziro, nambala wani, nambala thuu." Njirayi imagwira ntchito, koma mlembiyo ayenera kudziwiratu kuti anthu alipo angati. Akaphonya ndi mmodzi yekha, wotsiriza amabwerera kwawo masamba osayezedwa, apo ayi mlembi amaitana munthu woti kulibe. Mu C cholakwa chachiwirichi n'choopsa, pakuti palibe amene amakuletsa: pulogalamu imangowerenga chilichonse chimene chili pafupi mu memory, malo amene kompyuta imasungamo zinthu ikamagwira ntchito, n'kuchiyesa makilo. Kuyambira pa ziro m'malo mwa wani nakonso kwagwetsa ambiri.

Vuto lalikulu ndi lina. Si mulu uliwonse umene uli ndi manambala. Pali mulu wotchedwa set, umene uli ngati mapeyala m'dengu, opanda loyamba kapena lachisanu. Pali fayilo yaikulu imene simungadziwe kuti ili ndi mizere ingati musanaiwerenge. Pali mauthenga amene akubwerabe pa intaneti. Pali zinthu zosanjidwa ngati mtundu wa banja, agogo pamwamba, ana ndi zidzukulu m'nthambi. Mulu uliwonse ukanafuna kayendedwe kakekake, ndipo wolemba pulogalamu akanayenera kudziwa m'kati mwa uliwonse.

## Iterator yeniyeniyo

Amene anaonapo kuyeza masamba pashedi akudziwa kuti mlembi saitana manambala. Maso ake amakhala pasikelo ndi pabuku. Akamaliza kulemba amangoti, "Wotsatira!" ndipo thumba lina limakwera pasikelo. Sadziwa kuti kumbuyoko kwatsala anthu angati. Sadziwa ngati aima pamzere wowongoka kapena akhala m'magulu pansi pa mtengo kubisala dzuwa. Pali munthu wina, tinene kuti kapitawo, amene akusunga m'mutu kuti tafika pa ndani. Mlembi akaitana, kapitawo amatumiza munthu. Anthu akatha, kapitawo amati "atha," mlembi n'kutseka buku.

Kapitawo ameneyu ndiye iterator. Ntchito zake ndi zitatu: kukumbukira pamene tafika, kupereka chinthu chotsatira akafunsidwa, ndi kunena kuti zatha. Phindu lake n'lakuti mlembi ndi mulu wa anthu alekanitsidwa. Mlembi yemweyo angayeze masamba a anthu khumi kapena zikwi, a pamzere kapena a pansi pa mtengo, osasintha kagwiridwe kake ka ntchito.

Maganizo amenewa anakhazikika m'chilankhulo chotchedwa CLU, chimene Barbara Liskov ndi ophunzira ake anapanga ku MIT ku America chapakati pa zaka za m'ma 1970. Liskov ankalimbana ndi funso loti pulogalamu ingagwiritse bwanji ntchito mulu wa zinthu popanda kusuzumira m'kati mwake. CLU sinafale, lero palibe amene amalembera ntchito m'menemo, koma mbewu yake inamera kwina konse, ndipo mayiyu analandira mphoto ya Turing ya 2008, mphoto yaikulu kwambiri pa sayansi ya makompyuta. C++ inalandira ma iterator kudzera mu ntchito ya Alexander Stepanov mu 1994. Java inawalandira mu 1998. Python, imene Guido van Rossum anatulutsa koyamba mu 1991, inawalandira mu Python 2.2 kumapeto kwa 2001. JavaScript inachedwa mpaka 2015.

Mu Python mukhoza kumugwira kapitawoyu ndi manja:

```
mzere = iter([14, 9, 21])
next(mzere)    # 14
next(mzere)    # 9
next(mzere)    # 21
next(mzere)    # StopIteration
```

Lamulo la `iter` limakupatsani kapitawo, `next` ndiye mfuu ija ya "wotsatira," ndipo `StopIteration` ndi yankho lakuti atha. Mukalemba `for k in makilo:` Python imachita zomwezi kuseri, inu osaona: imapempha iterator, imaitana `next` mobwerezabwereza, ikamva kuti zatha imatuluka mwakachetechete. Ndiye kuti aliyense amene analembapo `for` mu Python wakhala akugwiritsa ntchito iterator kuyambira tsiku loyamba, monga mmene mwana amayankhulira bwino asanaphunzire kuti mneni n'chiyani.

Zilankhulo zimasiyana pa kanenedwe ka "atha." Java ndi yaulemu, imayamba yafunsa ndi `hasNext` ngati alipo wina, kenako n'kuitana `next`. JavaScript imabweza zinthu ziwiri nthawi imodzi, `value` chinthucho ndi `done` chizindikiro choti zatha kapena ayi. C++ imaika zikhomo ziwiri, koyambira ndi kothera, n'kumayenda mpaka zikumane. Kusiyanaku n'kwa kavalidwe chabe, munthu wake ndi yemweyo.

## Buku ndi chala

Pano ndi pamene panagona vuto la mnyamata uja, ndipo ndichedwapo pang'ono. Pali mawu awiri ofanana kwambiri, iterable ndi iterator, ndipo ambiri amawayesa amodzi.

Taganizirani kaundula wa kalabu. Mukafuna kuwerenga mayina mumaika chala pa dzina loyamba n'kumatsika nacho. Bukulo ndi iterable, kutanthauza chinthu chimene chingathe kuyendedwa. Chala chanu ndi iterator. Buku mukhoza kuliwerenga lero, mawa, kakhumi. Anthu awiri akhoza kuliwerenga nthawi imodzi, wina chala chili pamwamba wina chili pakati, osasokonezana. Koma chala cha iterator ya Python chili ndi khalidwe limodzi: chimangotsika, sichikwera. Chikafika pansi pa tsamba chafika basi. Mukafuna kuwerenganso muyenera kubwerera ku buku n'kupempha chala chatsopano.

Tsono onaninso mizere inayi ija. Mu Python 3, `map`, amene apa akusandutsa mzere uliwonse wa m'fayilo kukhala nambala, sabweza buku, amabweza chala. Pamene `sum` anaphatikiza makilo, anatsitsa chalacho mpaka pansi. Pofika mzere wachitatu, `list` anaitana kuti "wotsatira," yankho n'kukhala lakuti atha, iye n'kubweza mndandanda wopanda kanthu. Alimi ziro. Makilo sanachoke kwa mizukwa, koma kuti alimi onse anali atadutsa kale pasikelo n'kumapita kwawo pamene wowerenga anthu ankafika.

Mankhwala ake ndi mawu amodzi:

```
makilo = list(map(float, open("masamba.txt")))
```

Apa tikukopera zonse m'buku kaye, kenako tiziwerenga kangati kamene tifuna. Mnyamatayo atayesa zinatheka, koma anakwinya nkhope. "Komatu malume, phunziro limene ndinaona pa intaneti linalemba ngati mmene ndinalembera ine, ndipo zinkayenda." Ndinamuuza kuti ayang'ane chaka cha phunzirolo. Mu Python 2, `map` ankabwezadi mndandanda wathunthu. Python 3, imene inatuluka mu Disembala 2008, inasintha zimenezi kuti `map`, `filter` ndi `zip` azibweza ma iterator. Python 2 inasiyidwa kukonzedwa mu Januwale 2020, koma maphunziro ake akadali mbwee pa intaneti, ndipo salemba pamphumi kuti ndife akale.

Chimene ine chimandinyansa pamsampha umenewu n'choti umagwira mwakachetechete. Mnyamatayu anachita mwayi chifukwa kugawa ndi ziro kunaliza belu. Akanakhala kuti akungophatikiza kachiwiri, kompyuta ikanangolemba 0 popanda dandaulo, ndipo ziro ameneyo akanatha kukafika pa lipoti la kumsonkhano wa kalabu. Java inasankha mosiyana pa ma stream ake, zida zofanana ndi iterator, amene anabwera mu Java 8 mu 2014: ukayesa kugwiritsanso ntchito stream yotha kale, pulogalamu imaima n'kukuuza. Anthu a Python amayankha kuti kukhala chete kumapangitsa zida zawo kulumikizana mosavuta, pakuti iterator yotha ndi yopanda kanthu zimaoneka chimodzimodzi. Mbali zonse zili ndi mfundo.

Kachenjezo kamodzi: `range` wa mu Python 3, amene amapereka manambala motsatizana, amasokoneza anthu pankhaniyi. Sasunga manambala onse mu memory, komabe iye si chala ayi, ndi buku. Mukhoza kumuyenda kawiri popanda vuto.

## Kutuma ntchito: map, filter ndi reduce

Mpaka pano mlembi ndiye wakhala akuitana. Pali njira ina yotembenuza zinthu: m'malo moitana anthu mmodzimmodzi, mumalemba malangizo papepala n'kupatsa kapitawo kuti, "Aliyense umuchitire izi." Papepalapo ndi function, kachidutswa ka pulogalamu kochita ntchito imodzi. Njira yoyamba ija, yoitana wekha, amati external iteration. Iyi yotuma amati internal iteration.

Mizu yake ili mu Lisp, chilankhulo chimene John McCarthy anayamba ku MIT mu 1958, mmene function inkatha kuperekedwa kwa function inzake ngati katundu wamba. Ruby, ya Yukihiro Matsumoto wa ku Japan, imene inatuluka mu 1995, inamanga nyumba yake yonse pa njirayi, moti olemba Ruby sakonda `for`, amalemba `each`. JavaScript inakhazikitsa `forEach`, `map`, `filter` ndi `reduce` m'malamulo ake mu 2009.

Atatu otchukawa amamveka bwino pashedi pomwe paja. Tiyi wabwino ndi masamba awiri ndi kansonga. Woyang'ana masamba akamachotsa okhwima n'kusiya anthete, akuchita `filter`: chinthu chilichonse chikufunsidwa funso la inde kapena ayi, ndipo zotuluka zimachepa kapena kukhala chimodzimodzi. Wosandutsa makilo a mlimi aliyense kukhala makwacha akuchita `map`: zolowa khumi, zotuluka khumi, koma zasintha maonekedwe. Msungichuma wophatikiza ndalama zonse kukhala nambala imodzi akuchita `reduce`. Mu JavaScript zimalumikizana chonchi:

```
const ndalama = makilo
  .filter(k => k > 0)
  .map(k => k * mtengo)
  .reduce((onse, x) => onse + x, 0);
```

Palibe `i`, palibe `n`, palibe poti muphonye ndi mmodzi. Mukawerenga kuchokera pamwamba zikumveka ngati malangizo a pakamwa: chotsa amene sanabweretse kanthu, chulukitsa ndi mtengo, phatikiza. Ziro wa kumapetoyo ndi poyambira kuphatikiza, ndipo mukamuiwala tsiku limene mndandanda uli wopanda kanthu, `reduce` amagwa. Maganizo omwewa ndi amene kampani ya Google inakulitsa mu 2004 m'njira yotchedwa MapReduce, yogawira ntchito imodzi kwa makompyuta zikwizikwi, pakuti ngati malangizo ali papepala, mapepalawo akhoza kugawidwa kwa akapitawo ambiri.

Kutuma kuli ndi mtengo wake. Ukapereka pepala, ulamuliro wachoka m'manja mwako. `forEach` wa JavaScript alibe `break`, lamulo loimitsira loop pakati: ngati mukufunafuna mlimi mmodzi ndipo mwamupeza pachiyambi, iye amapitirizabe mpaka kumapeto, ndipo `return` amangodumpha munthu mmodzi yekhayo. N'chifukwa chake pali `find` ndi `some`, amene amaima akapeza. Kuyenda m'mindandanda iwiri nthawi imodzi, mayina uku makilo uku, nakonso kumaphweka ndi njira yoitana wekha, chifukwa umangogwira zala ziwiri n'kumazitsitsa pamodzi. Ndi zimene `zip` wa Python amachita, ndipo amaima pamene waufupi wathera, osanena kuti winayo watsala.

Si onse amene amakonda atatuwa. Van Rossum mwiniwake analemba mu 2005 kuti angakonde `reduce` atachoka mu Python, ponena kuti kupatula pa kuphatikiza ndi kuchulukitsa amavuta kumutsatira. Sanachotsedwe, koma mu Python 3 anasamutsidwira kuchipinda chakumbuyo chotchedwa `functools`. Olemba Python ambiri amakonda kulemba chonchi:

```
sum(k * mtengo for k in makilo if k > 0)
```

Ntchito ndi yomweyo, kakomedwe n'kosiyana.

## Generator, koma osati ya magetsi

Nditatchula mawuwa mnyamata uja anayang'ana panja ngati kuti magetsi azima. Generator ya m'mapulogalamu ndi njira yachidule yodzipangira iterator yanu. Kulemba iterator pamanja n'kotopetsa, chifukwa muyenera kusunga nokha pamene mwafika. Generator imakusungirani. Chinsinsi chake ndi mawu akuti `yield`, amene analiponso mu CLU:

```
def werenga_makilo(dzina):
    with open(dzina) as fayilo:
        for mzere in fayilo:
            yield float(mzere)
```

Function wamba ikafika pa `return` imapereka yankho n'kufa, zonse zimene inkakumbukira n'kufufutika. Function ya `yield` imapereka chinthu chimodzi n'kuima pomwepo, fayilo ili chitsegukire, malo ake ikuwakumbukira. Mukaitana `next` imadzuka n'kupitiriza pamene inalekezera. Python inalandira zimenezi mu 2001 pamodzi ndi ma iterator, C# mu 2005, PHP mu 2013, JavaScript mu 2015.

Kusiyana kwa mndandanda ndi generator kuli ngati kwa mgolo ndi mjigo. Mgolo muyenera kuudzaza kaye, umafuna malo pakhonde, koma madzi ake mumawaona ndipo mukhoza kudziwa kuti atsala ochuluka bwanji. Mjigo susunga kanthu pamwamba. Mukapopa kamodzi madzi amatuluka, mukasiya amasiya. Khalidwe limeneli akatswiri amalitcha ulesi, ndipo kwa iwo si mwano: ntchito ichitike pokhapokha wina waifuna.

Ulesiwu umapulumutsa memory. Pa kompyuta ya masiku ano ya 64-bit, mndandanda wa Python wa zinthu 1,000,000 umadya pafupifupi mabaiti 8,000,000 pongosunga malo a zinthuzo, osawerengera zinthu zenizenizo. Generator yopereka zinthu zomwezo imagwira chimodzi pa nthawi, ndipo kukula kwake sikusintha kaya zinthuzo ndi khumi kaya ndi miliyoni. Kwa kalabu ya alimi makumi angapo zimenezi zilibe ntchito, ndinamuuza mnyamatayo kuti asadzivute. Koma kwa amene akuwerenga zolemba za fakitale za zaka zambiri pa laputopu yakale ya kaunjika, kusiyanaku ndi kumene kumachititsa kuti ntchito ithe kapena makina aume.

Mjigo ulinso ndi mwayi wina: sufunika kukhala ndi mapeto.

```
def malisiti():
    n = 1
    while True:
        yield n
        n += 1
```

Iyi ipereka nambala ya lisiti yatsopano nthawi iliyonse mukaifunsa, mpaka kalekale. Mndandanda sungachite zimenezi. Koma mukalakwitsa n'kulemba `list(malisiti())`, mwauza kompyuta kuti ithire mtsinje wa Ruo mumgolo, ndipo idzayesadi mpaka memory itadzaza.

Ulesi ulinso ndi mbali yake yowawa. Mukaitana `werenga_makilo` ndi dzina la fayilo lolakwika, palibe chimene chimachitika pamzere umenewo, chifukwa function sinayambe n'komwe kuyenda. Cholakwacho chimadzaphulika patsogolo, pamene wina waitana `next` koyamba, mwina m'chigawo china cha pulogalamu. Wofufuza amayamba kukumba pamene pagwera mtengo, chonsecho nkhwangwa inatemera kwina.

Zilankhulo sizigwirizana kuti ulesi ukhale wachizolowezi kapena wochita kupempha. `map` wa Python 3 ndi waulesi. `map` wa pa array ya JavaScript ndi wakhama: pachitsanzo chathu chija `filter` amapanga mndandanda watsopano wathunthu, `map` n'kupanganso wina. Zida za mu 2025 zija zinabwera kudzapereka `map` ndi `filter` aulesi pa ma iterator a JavaScript. M'chilankhulo cha Rust ma iterator onse ndi aulesi, ndipo mukapanga imodzi osaigwiritsa ntchito, chilankhulocho chimakuchenjezani.

## Kuchotsa munthu pamzere uku ukuwerenga

Msampha wina ndi waufupi kuufotokoza. Yesani izi:

```
makilo = [12, 0, 0, 15]
for k in makilo:
    if k == 0:
        makilo.remove(k)
```

Mukuyembekeza 12 ndi 15. Chimene mupeze ndi 12, 0 ndi 15. Chala chinali pamalo achiwiri pamene ziro woyamba anachotsedwa. Onse a kumbuyo anasendera kutsogolo, ziro wachiwiri n'kulowa pamalo amene chala chadutsa kale, chala n'kutsikira pa 15. Apanso Python siyankhula kanthu. Mukachita zofananazo pa dictionary, mulu umene chinthu chilichonse chimapezeka ndi dzina lake, imaima n'kudandaula kuti kukula kwasintha ili m'kati moyenda, ndipo Java nayo kawirikawiri imaima ndi `ConcurrentModificationException`. Njira yosavuta ndi kusiya mndandanda wakale mmene ulili n'kupanga watsopano ndi `filter`.

## Zimene sizinagamulidwe

Nkhani ya Go ikusonyeza kuti mkangano sunathe. Chilankhulochi, chimene Google inatulutsa mu 2009, chinatchuka chifukwa chokana zokometsera, ndipo kwa zaka zambiri `for` wake ankayenda pa miyulu yochepa yokha imene chilankhulocho chinabadwa nayo. Go 1.23 inalola kuti `for` ayendenso pa function yolembedwa ndi munthu wamba. Ena anasangalala kuti tsopano aliyense wopanga mulu wakewake ali ndi njira imodzi yovomerezeka yoyendamo, m'malo moti aliyense azipeka yake. Ena anati kalembedwe kake n'kovuta kuwerenga, ndipo `for` amene kale unkamuona n'kudziwa zimene akuchita tsopano akhoza kubisa ntchito yaikulu kuseri. Kodi chilankhulo chiyenera kupepukitsa ntchito ya wolemba kapena ya wodzawerenga mawa? Nanga ngati awiriwa ali munthu mmodzi?

Pa liwiro napo yankho silimodzi. Mu Rust ndi C++ makina omasulira pulogalamu amatha kusandutsa unyolo wa ma iterator kukhala wothamanga ngati loop yolemba pamanja. M'zilankhulo zina kuitana function pa chinthu chilichonse kumadya kanthawi. Kodi kanthawi kameneko n'koyenera kukadera nkhawa pa pulogalamu ya kalabu, kapena ndi nkhani ya okhawo amene akuyendetsa zinthu mamiliyoni? Malire ake ali pati?

Aphunzitsi nawo amasiyana. Ena amati wophunzira ayambe ndi loop ya manambala, apunthwe ndi `i` ndi `n`, kuti adziwe chimene iterator ikumupulumutsako. Ena amati kumeneko n'kuphunzitsa munthu kusinja pamtondo chigayo chili pakhomo, ayambe ndi `for k in makilo` ndipo za m'kati adzaziona akadzazifuna. Mnyamata wa mchemwali wanga anaphunzira njira yachiwiriyi, anafulumira kulemba zinthu zothandiza, koma tsiku limene chala chinafika pansi analibe poyambira kuganiza. Akanayamba ndi njira yoyamba, kodi akanapirira mpaka kufika polembera kalabu pulogalamu?

Funso lomwelo likukula tsopano pamene zida za AI zikulembera anthu mizere yotere m'kanthawi kochepa. Zikalemba `map` waulesi pamalo ofunika mndandanda, lipoti n'kutuluka ndi ziro wopanda dandaulo, adzazindikire ndani ngati wotuma ntchitoyo sanamvepo za buku ndi chala?

Ndipo pali funso lathu ife eni chilankhulo. M'nkhani yonseyi ndalemba iterator, generator, loop, mawu obwereka osasintha n'komwe kalembedwe. Mnyamata uja pochoka anati iye azingoti "kapitawo," ndipo anzake a m'kalasi akamufunsa adzawafotokozera. Kodi mawu ngati amenewa angakhazikike, kapena angasokoneze wophunzira amene mawa adzafunika kufufuza vuto lake pa intaneti, kumene mayankho onse ali m'dzina lachingerezi?